Apongozi akuti kurta ndi kutaya chikhalidwe. Zoona?

Achemwali ena andilembera imelo. Akuti anagula kurta, malaya aatali achimwenye aja, ndi makushoni a timagalasi oika pabalaza, ndiye apongozi awo akuwanena kuti ataya chikhalidwe, chitenje chalakwanji. Akufunsa ngati asiye.

Achemwali, mwandikanda pachilonda. Amayi anga anali telala, makina a Singer ali pakhonde, ndipo nsalu ankakagula m'masitolo a amwenye ku Limbe, ine ndili pambuyo ndi jumbo. Mwini sitolo ankayeza nsalu pa mita yokhomedwa pakauntala, n'kudula pang'ono ndi sizasi, kenako kung'amba kamodzi n'kamodzi, kwee! Akazi awo ankakhala pakona atavala sari, ine maso ali pa mpendero wagolide uja. Nditakula ndinasoketsa kurta yabuluu n'kuvala ku chinkhoswe cha msuweni wanga. Azakhali ena anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi: "Mwakwatiwa ndi mwenye kodi?" Anthu anafa nalo phwete. Chonsecho chitenje chomwe anamanga m'chiuno azakhaliwo anachigula kwa amwenye omwewo.

Tiyeni tiuzane zoona. Zitenje ndimazikonda, ndili nazo sutikesi yodzaza, koma chitenje sichinamere m'munda mwa agogo. Kadindidwe kake kanachokera ku batik, nsalu yokongoletsa ndi phula ndi utoto ya ku Java, ku Indonesia. Adatchi ndi amene anakapititsa m'mafakitale, monga Vlisco ya ku Helmond, ku Netherlands, yomwe inayamba mu 1846, n'kumagulitsa kuno ku Africa. Makolo athu ankavala chiwondo, zikopa, ndi nsalu zathonje zomwe Amang'anja ankaomba okha kuchigwa cha Shire. Ndipo nsalu za ku Gujarat, ku India, zinkafika kale pa zombo m'madoko a kum'mawa kwa Africa zitenje za lerozi kulibe. Ngati kuvala chobwera ndi mlandu, tonse ndife ogwidwa, apongozi anu omwe.

Chimene chimandinyansa ine ndi china. Nsalu yeniyeni yodinda pamanja, ya ku Bagru kapena Sanganer kufupi ndi mzinda wa Jaipur ku India, munthu amasema duwa pa thabwa, kuliviika mu utoto, kulidinda pansalu n'kulimenya ndi dzanja, kusuntha pang'ono, kudindanso, mtundu uliwonse thabwa lakelake. Timagalasi tija amayi a ku Kutch, ku Gujarat komweko, amatitsekera ndi ulusi kamodzikamodzi. Nsalu za ku India zinasautsa Angerezi mpaka mu 1721 anaika lamulo loletsa kuvala zathonje zodindidwa, pofuna kuteteza oomba nsalu akwawo. Lero pamsika padzaza poliyesita yodinda pa makina, timagalasi tapulasitiki tomata ndi guluu, kuchapa kamodzi timagalasi tonse tili m'beseni. Kutentha kwa Okutobala uvale zimenezo? Ayi ndithu. Ngakhale akuluakulu amachita zomwezo: mu 2025 Prada, kampani ya zovala zodula ya ku Italy, inaonetsa ku Milan nsapato zachikopa zofanana ndi za ku Kolhapur, ku India, osatchula eni luso, mpaka anthu a ku India atakalipa m'pamene inavomera kumene inatenga.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ichinso. Ndinalowa m'nyumba ya mnzanga wina n'kupeza fano la Ganesha, wa mutu wa njovu uja, litatchinjiriza chitseko kuti mphepo isatseke. Akuti n'lokongola. Ameneyo ndi mulungu wa Ahindu, anthu amamupembedza m'mawa uliwonse. Chimodzimodzi ufa wofiira wa sindoor wopaka pamutu pogawanika tsitsi: umanena kuti mkazi wachihindu ali pabanja, si zodzoladzola. Pamenepo pokha apongozi atandikalipira ndingakhale chete.

Nanga muchite chiyani?

Valani kurta yanu. Pogula, yang'anitsitsani maluwa: odinda pamanja sakhala ndendende, pena utoto umadumpha mzere. Timagalasi tikhale tosokerera. Zabuluu zimasuluka, chapani pazokha m'madzi ozizira, yanikani pamthunzi. Za apongozi, pitani kwa telala akusokereni kurta ya chitenje, ndipo popita kwawo kapena kumaliro mangani chitenje pamwamba monga mwa masiku onse. Makushoni asiyeni pomwepo, nyumbayo ndi yanu.