Nyenyezi zisanu ndi ziro pa chimbale chimodzi

Owerenga wina anandilembera imelo sabata yatha. Akuti anagula chimbale cha Ornette Coleman, woimba jazz wa ku America, chotchedwa Free Jazz, koma mphindi khumi zisanakwane anazimitsa chifukwa ankangomva chisokonezo. Akufunsa ngati olemba ndemanga za nyimbo anachikonda chitangotuluka, kapena ulemu wonsewu unabwera pambuyo pake.

Achimwene, si inu oyamba kuzimitsa. Chimbalechi anachijambula ku New York pa 21 December 1960, ndipo kampani ya Atlantic inachitulutsa mu 1961. Mu January 1962 magazini ya DownBeat inasindikiza ndemanga ziwiri pamodzi. Pete Welding anachipatsa nyenyezi zonse zisanu. John Tynan sanapereke ngakhale imodzi, poti kwa iye oimba asanu ndi atatu a m'chimbalechi ankangosokosa, aliyense yake njira. Tynan yemweyu mu 1961 anali atanena kale kuti zimene oimba saxophone John Coltrane ndi Eric Dolphy ankaimba zikutsutsana ndi jazz, ndipo Dolphy uja alinso m'chimbalechi. Khutu lake linali litakana kale.

Ine ndimati Tynan anaphonya, ndipo zimandipweteka kuti ambiri amalekera pomwe iye analekera. Dongosolo lilimo, kungoti silikuitanani. Valani mahedifoni. Kumanzere kuli Coleman ndi saxophone yake, Don Cherry, Scott LaFaro ndi Billy Higgins. Kumanja kuli Dolphy, Freddie Hubbard, Charlie Haden ndi Ed Blackwell. Chotsani mbali imodzi kaye, mutsate gulu limodzi lokha. Mumva kuti m'mphindi 37 zonsezo aliyense amapatsidwa nthawi yake yotsogolera, anzake akumuyankha, ndipo pakati pake malipenga amakumana pa kachigawo kolembedwa kale asanapatsire wina.

Oimba anzake a Coleman sanadikire kuti magazini agwirizane. Mu 1965 Coltrane anasonkhanitsa oimba ena 10 n'kujambula chimbale cha mtundu womwewu chotchedwa Ascension, Hubbard alimonso.

Koma ine malo amene amandigwira mtima ali chakumapeto, oliza malipenga atakhala chete. Haden amakoka nsambo za besi mozama, pang'onopang'ono, LaFaro ndi besi yake akuthamanga pamwamba pake ngati mbalame. LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto mu July 1961, ndemanga ziwiri zija sanaziwerenge. Yambirani pamenepo, kenako mubwerere koyamba, mudzandilembere.