Mwana akubwera ndi agogo ake ku Joni, kodi kalata ya bambo ake ikufunika?

FUNSO

Zikomo anti, ine ndimagwira ntchito ya mnyumba ku Johannesburg, mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anatsala ku Balaka ndi mayi anga. Ndikufuna abwere holide ya Disembala, mayiwo ndi amene abwere naye pa basi, pasipoti onse ali nazo. Vuto bambo ake tinasiyana kalekale, anakwatira wina ku Lilongwe ndipo foni yanga sayankha. Anzanga ena akuti zamakalata zija zinatha, ena akuti ingomupatsa transipota amadziwa njira zake pa boda. Nditani?

Mayi wa ku Joni

YANKHO

Achemwali, ndiyambe ndi za transipotazo chifukwa zandiwawa mtima. Musayerekeze. Mwana wamkazi wa zaka 9 masiku awiri kapena atatu panjira ndi munthu amene si mbale wake, opanda pepala lililonse, akagwidwa pa Beitbridge mwanayo amamutenga a zosamalira ana ndipo inu kuti mumupezenso mudzalira, komanso wamutengayo akhoza kumangidwa ngati wozembetsa anthu. Kuno kwathu lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu lilipo kuyambira 2015, ndiye aku imigireshoni akaona mwana ndi munthu wosiyana naye dzina samangoyang'ana kumbali ayi.

Anzanu oti makalata anatha akunena theka la nkhani. South Africa inayamba pa 1 Juni 2015 kufuna satifiketi yobadwira yoonetsa makolo kwa mwana aliyense osakwana zaka 18, komanso kalata ya chilolezo ngati sakuyenda ndi makolo onse awiri, kenako mu Novembala 2019 nduna yoona za m'dziko panthawiyo, Aaron Motsoaledi, inafewetsa lamulolo kwa ana a mayiko ena amene akuyenda ndi makolo awo kapena munthu wina wamkulu. Koma mwana oyenda yekha mapepala onse akufunikabe, ana a pasipoti ya South Africa nawonso chimodzimodzi. Ndiye ganizani njira ya basi, mutuluka pa Mwanza kulowa Zobue, kudutsa Tete, kenako Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, maboda onsewo ali ndi ma ofisa awoawo ndipo aliyense atha kufunsa agogowo kuti mwanayu ndi wandani, makolo ake akudziwa? Akasowa choonetsa basi siidikira munthu.

Choyamba satifiketi yobadwira ya mwana, ngati alibe, mayi anu apite ku ofesi ya NRB kwa DC pompano, osadikira Novembala chifukwa siituluka tsiku lomwelo. Chachiwiri kalata yanu. Mulembe mchingerezi kuti ma ofisa akunja awerenge, muikemo dzina la mwana ndi nambala ya pasipoti yake, dzina la agogo ndi nambala yawo, komwe akupita, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, adiresi yanu ndi foni yanu. Mukasainire pamaso pa commissioner of oaths (munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu), kumeneko ku polisi siteshoni amadinda ulere, kapena pitani ku ofesi ya kazembe wathu ku Johannesburg. Muphatikize fotokope ya pasipoti yanu yodindidwa, ndipo kalatayo isapitilire miyezi 6 chilembereni. Tumizani yeniyeniyo, ya pa WhatsApp ikhale yongosungira.

Tsopano abambowo. Tayang'anani kaye pa satifiketi ya mwana, ngati dzina lawo palibe, malamulo a South Africa amalandira kalata ya mayi yekha. Ngati lilipo nawonso alembe yawo, akasainire kwa majisitireti kapena loya ndi kupereka fotokope ya chitupa chawo. Poti foni yanu sakuyankha musalimbane nawo nokha, tumani achimwene anu monga malume ake a mwana kapena amene anali ankhoswe, akawafotokozere bwinobwino kuti kalatayi si yofuna ndalama zachithandizo komanso simukuthawitsa mwana, tsiku lobwerera lalembedwa momwemo. Abambo ambiri amakanira mantha amenewo, ena nkhanza chabe, ndipo ine zimandinyansa bambo amene sagula ngakhale kope la mwana koma pa siginecha pokha mpamene akumbukira kuti ndi kholo.

Akakanitsitsa kapena akasowa osapezeka, mayi anu akayambire ku ofesi ya social welfare pa boma, iwo akulozerani ku khoti loona za ana kuti lipereke chikalata cholola mwana kuyenda popanda siginecha ya bambo. Zimatenga nthawi ndiye yambani lero. Kwa owerenga ena amene kholo linalo linamwalira, satifiketi ya imfa ndi imene imalowa m'malo mwa kalata.

Mapepala onsewa agogo asunge m'kachikwama ka pathupi osati m'katundu wa pansi pa basi, ndipo mwana alowezetu nambala yanu. Musaiwalenso kuti polowa ku South Africa pasipoti ya Malawi amadinda masiku osapitilira 30, ndiye tiketi yobwerera muguliretu kuti masiku asawathere ali komweko.