Yankho: kodi woyeza matupi a ana omwalira amathandiza amoyo?

Achimwene, mwafunsa ngati ntchitoyi ili ndi phindu kwa ana amoyo. Ilipo, taonani Dorothy Andersen. Adamaliza udokotala ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America mu 1926, koma adamukaniza kuphunzira za opareshoni poti ndi mkazi. Adakathera ku chipatala cha ana cha Babies Hospital ku New York, akuyeza matupi a ana omwalira.

Kumeneko adaona kuti ana ena omwe ankati adafa ndi matenda a m'matumbo otchedwa celiac anali ndi kapamba wodzaza zotupa ndi zipsera. Mu 1938 adalemba za ana 49, natchula matendawo cystic fibrosis. Ineyo ndimati pepala limenelo likuposa mabuku ambirimbiri, chifukatu madokotala adayamba kuwazindikira mwana akadali moyo. Uprofesa adaupeza mochedwa, mu 1958. Fodya ankamusuta kwambiri mayiyu, ndipo adamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 1963.