Laputopu ndi yatsopano, nanga alendo onsewa wawaitana ndani?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Ulongué, kwa mayi wina amene amaphunzitsa sukulu ya pulayimale komanso akuchita maphunziro apatali. Ndaidula pang'ono:

"Mwezi watha ndinatsikira ku Tete kukagula laputopu yatsopano, ya m'katoni, ya Windows 11. Koma ikuchedwa kuyaka ngati yakale. Muli mapulogalamu ambiri amene sindinaike ine, ndipo antivairasi ikungotulutsa uthenga wofiira kuti nthawi yatha, ndilipire ndi khadi. Ndikalumikiza ndi foni, mamega amatha ndisanatsegule n'komwe buku la sukulu. Mwana wa achimwene anga akuti tiifomate, ali ndi Windows yake pa fulashi. Ndivomere?"

Aphunzitsi, fulashiyo ibwerere m'thumba mwa mwini wake. Ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku, koma tiyambe ndi alendowa.

Sanalowe mwangozi. Opanga malaputopu amapeza phindu lochepa pa makina otsika mtengo, ndiye makampani a mapulogalamu amawalipira kuti katundu wawo akhale kale m'kati inu musanatsegule katoni. McAfee ndi Norton, opanga ma antivairasi, ndi amene timakumana nawo kawirikawiri: amakupatsani masiku 30 aulere, kenako n'kuyamba kukukumbutsani za ndalama m'mawa ndi madzulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo nthawi zina nkhaniyi imapitirira pa kusowetsa mtendere. Mu 2015 zinadziwika kuti malaputopu ena a Lenovo ankabwera ndi pulogalamu yotsatsa malonda yotchedwa Superfish, imene inkalowerera pakati pa munthu ndi masamba otetezedwa, ngakhale a banki. Mu 2017 Lenovo inavomera kulipira madola 3.5 miliyoni ku zigawo 32 za ku America. Choncho kukayikira kwanu n'koyenera.

Koma kupalira kuli ndi mwambo wake. Inu a ku Angónia mukudziwa kuti m'munda wa chimanga mumakhalanso nyemba ndi maungu, ndipo mwana amene wangophunzira kugwira khasu amadula chilichonse chosafanana ndi chimanga. Udzu wautali woonekera patali si umene umapha munda. Wopha munda ndi kaufiti, amene amayamwa mizu pansi inu mukuona ngati zonse zili bwino. Pa laputopu n'chimodzimodzi. Pulogalamu yongokhala phee pa disiki, yosayaka mpaka mutaidina, ilibe mlandu waukulu. Ya mlandu ndi imene imadziyatsa yokha, n'kumadya RAM (malo amene makina amagwiriramo ntchito ya nthawi yomweyo) ndi mamega kuseri. Musawerenge kuti mwachotsa angati, funani oyamwawo.

Musanakhudze kanthu, pangani poti mudzabwererepo zikavuta. Dinani Start, lembani "ponto de restauro" ngati makina anu ali m'Chipwitikizi, kapena "restore point" ngati ali m'Chingerezi. Ena ogulidwa kudzera ku Malawi kapena ku Joni amakhala a Chingerezi, n'chifukwa chake nditchula mayina onse awiri. Pazenera limene lituluke, ngati chitetezo chili chozimitsa chiyatseni, kenako dinani Criar. Mphindi ziwiri zokha.

Tsopano antivairasi ija. Pitani ku Definições, kenako Aplicações, kenako Aplicações instaladas. Pa Chingerezi ndi Settings, Apps, Installed apps; ndipo ngati Chipwitikizi chake ndi cha ku Brazil, muona Configurações ndi Aplicativos. Pezani dzina lake, dinani timadontho titatu ta kumanja, sankhani Desinstalar. Ikunyengererani, ikuopsezani kuti mukhala pambalambanda, mwinanso ikutsitsirani mtengo. Pitirizani basi. Windows ili ndi mlonda wakewake, Microsoft Defender, amene salipiritsa, ndipo amapita kukagona akaona kuti pabwera mlonda wina. Apa ndiye pagona nkhani: antivairasi yotha nthawi ili ngati mlonda amene wasiya ntchito koma akukhalabe pa mpando wa pageti. Mukaichotsa, zimitsani makina n'kuyatsanso, ndipo mutsegule Segurança do Windows, kapena kuti Windows Security, muone kuti zizindikiro zili zobiriwira. Ngati ndi McAfee, yang'aniraninso kapulogalamu kawo kena kotchedwa WebAdvisor, chifukwa imachotsedwa payokha. Ikakana kutuluka, kampaniyo ili ndi kachida kake kochotsera zotsalira kotchedwa MCPR. Katengeni pa tsamba lawo lenileni, osati pa tsamba loyamba limene lingatuluke mukafufuza.

Timasewera, Spotify, TikTok ndi zina zotero zimene mumaona pa Start, zambiri ndi zithunzi chabe. Pulogalamu yeniyeni imatsika pa intaneti tsiku limene mwadina, ndi mamega anu. Dinani ndi batani la kumanja, Desinstalar, zatha. Microsoft Edge, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, isiyeni. Kuno Windows siyilola kuti ichotsedwe, ndipo njira zoikakamiza zimabala mavuto ena.

Za Microsoft 365 ganizani kaye. Pa makina ambiri Word ndi Excel zimene mukuonazo n'zongolawitsa, ndipo popanda kulipira simudzatha kulemba kapena kusintha kanthu. Nthawi zina muona yaikidwa kangapo, ya Chingerezi, ya Chifalansa, ya Chipwitikizi. Funsani kusukulu kwanu ngati amapereka akaunti kwa ophunzira. Ngati sapereka, LibreOffice ndi yaulere, imatsegula mafayilo a Word, ndipo imakwanira kulembera ntchito za sukulu ndi mapulani a phunziro.

Tifike pa nyemba ndi maungu. Chilichonse cholembedwa Intel, AMD, NVIDIA, Realtek, Synaptics kapena ELAN, chisiyeni. Amenewo ndi madiraiva ndi anzawo, oyendetsa mawu, sikirini, Wi-Fi ndi pamene mumayendetsa chala paja. Muonanso mizere ingapo ya Microsoft Visual C++ Redistributable, ya zaka zosiyanasiyana, ngati munthu anaiwala n'kuika kambirimbiri. Sanaiwale. Pulogalamu iliyonse imadalira wake. Ine ndinaphunzira ndi manyazi. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ku Moatize, bambo wina anandisiyira laputopu kuti ndiipepukitse, ndipo ndinasesa chilichonse chokhala ndi dzina la kampani yopanga makinawo. Madzulo atabwera anadina batani lokweza mawu, zii. Lowalitsa sikirini, zii. Ndinali nditachotsa kapulogalamu koyendetsa mabatani a Fn. Anandiyang'ana osanena kanthu, nawo thukuta lili kamukamu, ine n'kumafufuza pa foni ndi mamega anga dzina la chinthu chimene ndachotsa ndekha. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi limodzi: dzina limene sindikulidziwa ndimalifufuza kaye, ndipo ndikakayikabe ndimalisiya.

Mapulogalamu a opanga makinawo ali pakatikati. Lenovo Vantage, MyASUS, HP Support Assistant ndi Dell SupportAssist amabweretsa madiraiva atsopano, ndipo ena ali ndi kanthu kamene ndimakakonda: mumatha kuuza batire kuti lizilekera pa 80 peresenti kapena kutsikirapo, osadzaza mpaka pakamwa. Kwa ife a kumunsi kuno, kumene mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, zimenezi zimatalikitsa moyo wa batire. Kwanu kumapiri n'kozizira, komabe ngati laputopu imakhalira pa chaja tsiku lonse, n'zothandiza. Sungani pulogalamu yaikulu imodziyo. Tina tolembetsa chitsimikizo, totsatsa malonda kapena tolonjeza malo aulere osungira zinthu pa intaneti, tichoke.

Kuchedwa kuyaka kuja mankhwala ake ali pena. Dinani pamodzi Ctrl, Shift ndi Esc, mutsegule Gestor de Tarefas, ndiye Task Manager imeneyo, mupite pa Aplicações de arranque. Pamenepo pali mndandanda wa onse amene amadzuka limodzi ndi makina. Teams, Spotify, Copilot, Phone Link: dinani Desativar. Ubwino wake simunachotse kanthu, mwangowauza kuti adikire kuitanidwa, ndipo mukalakwitsa mumangoyatsanso. Zokhudza mawu ndi chitetezo zisiyeni zoyaka.

OneDrive, pulogalamu ya Microsoft yosungira mafayilo pa intaneti, njofunika kuitchula payokha, chifukwa ndikuikayikira pa nkhani ya mamega anu. Mukalowa ndi akaunti ya Microsoft, kawirikawiri imayamba kukweza pa intaneti zonse za pa Desktop, Documentos ndi Imagens, mpaka 5 GB yaulere idzaze. Ngati munakopera zithunzi za ukwati kuchokera pa foni, ndiye kumene kunapita mamega. Mukhoza kuimitsa, koma musanaichotse onetsetsani kuti mafayilo anu alipodi pa makina. Fayilo yokhala ndi kachizindikiro ka mtambo ili pa intaneti pokha; ya kachizindikiro kobiriwira ndiyo ili nanu.

Chinanso, Windows ikaona Wi-Fi nthawi zambiri imaganiza kuti ndi ya muofesi yosatha, sidziwa kuti ndi foni yanu ya Movitel kapena Vodacom imene mwangoigulira mamega ndi e-Mola kapena M-Pesa. Iuzeni. Mutalumikiza foni, pitani ku Definições, Rede e Internet, Wi-Fi, dinani dzina la foni yanu, muyatse Ligação com tráfego limitado, pa Chingerezi Metered connection. Ikatero imachepetsa zotsitsa zake ndipo OneDrive imapuma. Koma ma update musawathawe mpaka kale. Kamodzi pamwezi pezani Wi-Fi yabwino kapena gulani mamega okwanira, muisiye imalize.

Tibwerere kwa mwana wa achimwene anu. Laputopu ya m'katoni imabwera ndi layisensi ya Windows imene munalipira kale m'mtengo womwe uja, yosungidwa m'makina momwemo. Windows za pa fulashi zoyenda m'manja mwa anyamata zambiri n'zosinthidwa, zina anazichotsa Defender ndi ma update, ndipo palibe amadziwa chimene anaikamo m'malo mwake. Mungataye chenicheni n'kulandira chokayikitsa. Ngati tsiku lina mudzafunedi kuyambiranso, Windows ili ndi njira yake: Definições, Sistema, Recuperação, Repor este PC, ndipo m'zosankha zake mumatha kukana kuti mapulogalamu obwera ndi makina abwererenso. Njira ina ndi Media Creation Tool ya pa tsamba la Microsoft ndi fulashi ya 8 GB yopanda kanthu. Musanachite chilichonse mwa ziwirizi, koperani mafayilo anu pena, ndipo mulowe mu akaunti yanu ya Microsoft mulembe papepala kiyi ya BitLocker, ya manambala 48. Malaputopu ambiri atsopano amakhoma disiki mwakachetechete, ndipo tsiku limene sikirini ya buluu idzafunse manambalawo inu mulibe, ngakhale ine sindingakutsegulireni.

Simunandiuze kukula kwa RAM yanu. Muione mu Gestor de Tarefas momwemo, pa Desempenho. Ngati palembedwa 4 GB, amenewo ndi malire a pansi penipeni amene Windows 11 imalola, ndipo ngakhale mutapalira bwanji, idzapepuka koma siidzathamanga. Makina ena amalola kuwonjezera kufika 8 GB, ena RAM yake anaiwotcherera pa bolodi. Nditumizireni nambala ya modelo yolembedwa kunsi kwa laputopuyo ndikuonereni, musanalipire chapa yobwerera ku Tete kukagula chinthu chimene mwina chilibe polowa.