Ali ndi foni, nyumba yamalata, ndiye umphawi wake uti?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Lilongwe koma kwawo ndi ku Thyolo, cha ku Thekerani. Funso lawo linali lakuti: "Achemwali anga kumudzi amangolira umphawi mwezi ndi mwezi chonsecho foni ali nayo, nyumba ndi yamalata, munda ulipo, alamu anga amagwira ku esiteti. Umphawi wake uti? Si ulesi umenewu?"

Mayi zikomo polemba, koma mawu oti ulesiwo ine ndakana. Malatawo mwina anakhoma kale nthochi zisanathe ndi matenda a chisaka, nthawi ija malole ankachoka ku Thekerani atadzaza mikoko, ndipo malata sadyedwa. Foniyo si yomweyo mumawatumizirapo ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba? Akaigulitsa muziwapeza bwanji?

Mukafuna kuuona umphawi wa banja osabwera pa Khirisimasi ayi, mubwere mu Febuluwale. Kwathu kuno ku Thyolo ndi Mulanje malo ambiri abwino ndi tiyi yekhayekha, anthufe tinapanikizana m'mphepete, kamunda ka banja lonse mwina osakwana ekala ndipo momwemo muli chimanga, nandolo, chinangwa, kalongonda. Akolola mu Epulo, pofika Ogasiti matumba apindidwa, nandolo anapita kale kwa mavenda pa mtengo wolira chifukwa mwana amafunika yunifolomu. Ndiye mvula ikagwa, nthawi yopalira ndi kubandira, achemwali anuwo amadzuka mbandakucha kukapalira munda wa eni ake kuti apeze ufa wa lero lokha, wawo udzu uli gwaa, akamadzafikako chimanga chayezuka kale, chaka chamawa zokolola zichepanso, ganyu achulukenso. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu akugwira ntchito kuposa inu ndi ine koma thukuta lake likugwera m'munda mwa wina, chifukwa njala ya lero siidikira Epulo.

Ine ndili mwana tinadyapo mango aawisi ophika masiku atatu otsatizana, mayi akutinamiza kuti chigayo chafa. Mpaka pano fungo lake sindilifuna.

Za alamu anuwo, mufunse ngati ali apamanenti kapena a sizoni. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula, chilimwe chikafika ambiri othyola masamba kontirakiti imatha, abwerere kunyumba. Ndipo tsiku lolandira ndalama imakhala ili ndi eni ake kale, wa katapila ali pageti, wa golosale akudikira, ku banki m'khonde akufuna yawo.

Mwina munena kuti boma limathandiza. Eya, pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma makope ndi yunifolomu ndi zanu. Feteleza wotsika mtengo wa boma naye amafuna ukhale ndi kenakake m'thumba tsiku limene wafika, ngati dzina lako latuluka n'komwe. Chipatala cha boma n'chaulere koma wa njinga yamoto sanyamula wodwala pa ulere. Kenako mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba kuno kummwera, mu Novembala chaka chomwecho kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti, sopo, mchere, mafuta ophikira zonse kukwera. Inu a patauni munadandaula n'kuchepetsa nyama, iwo analibe chochepetsa kupatula nsima ya masana. Ndipo sali okha, kafukufuku wa NSO, ofesi ya boma yoona za chiwerengero, wa 2019/2020 anapeza kuti a Malawi 50.7 pa 100 alionse ndi osauka.

Sindikunena kuti muzingotumiza chilichonse akaimba, nanunso muli ndi lendi. Koma ngati chilipo chochepa, m'malo mwa chitenje ndi shuga wa Khirisimasi, agulireni thumba la chimanga chikadali chotchipa mu Meyi kapena Juni, muwauze alisunge mpaka nthawi yopalira kuti masabata amenewo akhale m'munda mwawo. Mankhwala a anankafumbwe muwonjezerepo, apo bii mu Disembala akapeza ufa okhaokha m'thumbamo.