Ndalama za sabuside zimalowa m'thumba la ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wogwira ntchito ku Limbe. Akuti: "Mayi anga ali ku Kunthembwe, dzina lawo limatuluka pa feteleza wotsika mtengo. Pa wailesi timangomva mabiliyoni, koma iwo sanagwirepo ngakhale tambala. Kodi ndalamazo amalandira ndani?"

Achemwali, amalandira ndi makampani. Mayi amapereka kagawo kochepa pa thumba lililonse, ndipo yotsalayo boma limalipira kwa amene wagulitsa fetelezayo: SFFRFM (bungwe la boma logulitsa feteleza), ADMARC m'zaka zomwe inkagulitsa nawo, komanso makampani omwe apatsidwa kontirakiti. Gawo la mayi ndi matumba awiri aja a makilogalamu 50, la wokulitsa ndi la wobereketsa, kuphatikizapo mbewu. Zakhala choncho kuyambira 2005, pamene Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi dziko lili pa njala. Panali zaka zomwe thumba linkagulidwa K500. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linabweretsa ndondomeko ina ya sabuside yotchedwa AIP, makuponi n'kutha, anthu n'kumagula ndi chiphaso cha unzika pa K4,495. Pofika 2022 thumba lomwelo linali pa K15,000.

Kulipira makampani pakokha sindikuona vuto. Mukawapatsa mayi ndalama m'manja mu Okutobala, nkhokwe ili mbee, mdzukulu akufuna fizi, ndani angawadzudzule akagula chimanga? Chimene chimandipweteka ine ndi nthawi.

Feteleza wathu ambiri amachokera kunja, amatsikira ku Beira kapena ku Nacala, ndipo ogulitsa kumeneko safuna makwacha, amafuna madola. Boma likachedwa kulipira, kapena madola akasowa ku banki, kampani siitanitsa katundu wina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba lapasitolo unalumpha mvula ili pakhomo. Pamwamba pa izo pali ndalama zosochera. Mukukumbukira K750 miliyoni ija ya mu 2022, yomwe inalipidwa ku kampani ya ku UK yogulitsa nyama kuti ibweretse feteleza? Nduna ya zaulimi inachotsedwa, inde, koma mlimi nyengo yake inali ikupita.

Ndinaziona ndi maso anga chaka china pa depoti ina. Amayi anagona pakhonde masiku atatu, zitenje atafunda kumutu, ziphaso atazimanga m'kapepala ka shuga kuopa mvula. Kukacha, kalaliki akuti netiweki palibe. Netiweki itabwera, kunapezeka kuti kwatsala yuleya yekha, wobereketsa uja, chitowe, wokulitsa uja, chatha. Agogo ena anandionetsa ndi dzanja msinkhu wa chimanga chawo, chofika m'mawondo, masamba achikasu, wokulitsa chisanalawe. Chitowe chimafunika pobzala kapena chimanga chikangomera. Chikafika mu Januwale, kampani idzalandira ndalama yake yonse, koma m'munda phindu lake lachepa kale.

Ndipo pamzere wotero mavenda sasowa. Amazungulira ndi ndalama m'manja, kunyengerera otopa kuti awagulitse chiphaso. Thumba lomwelo mawa mulipeza pamsika pa mtengo wapasitolo, boma litalipira ngati lafika kwa mlimi. Sindiwaweruza amene amagulitsa, njala ilibe manyazi, koma mtima umandiwawa.

Ndiye inu amene muli pa ntchito, chonde chitani izi. Onetsetsani kuti chiphaso cha mayi chili bwino miyezi ya chilimwe isanathe, ndipo afunse kwa alangizi kapena kwa amfumu ngati dzina lilimo m'kaundula wa chaka chino, chifukwa mayina amasintha. Ndalama yawo yoombolera atumizireni msanga, kuphatikizapo ya kabaza wonyamula matumba, kuti venda asawapeze ali manja lende. Ngati mungathe, gulani ngakhale theka la thumba la chitowe malipiro a Seputembala akalowa, mayi abzale nalo mvula yoyamba uku akudikira la bomalo.