Funsani Tikuyankheni: Mavwende, njere zake ndi kuthamanga kwa magazi

Funso: Akonzi, ine ndimalima mavwende kudimba kufupi ndi mtsinje wa Shire. Amuna anga ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo anzawo awauza kuti akamadya chivwende tsiku ndi tsiku akhoza kusiya mapiritsi a kuchipatala. Apongozi anga nawo amaletsa ana kumeza njere ponena kuti zimatseka matumbo. Kodi zoona zake ndi ziti? Mayi wa ku Bangula, Nsanje.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Tiyambe ndi nkhani ya bambo a kunyumbako, popeza ndi imene ingaike moyo pachiswe: asasiye mankhwala awo. Zimene anzawowo anena zili ndi pamene zinachokera, chifukwa m'chivwende muli chinthu chotchedwa citrulline, chimene thupi limachisandutsa arginine, ndipo arginine ameneyu amathandiza kuti mitsempha ya magazi imasuke n'kumadutsa magazi mosavuta. Mulinso mchere wa potaziyamu, umene umathandiza thupi kuchotsa mchere wina uja timathira m'ndiwo. Koma zinthu zimenezi zilimo pang'ono, moti chivwende chimene munthu angamalize pa tsiku sichingagwire ntchito ya mapiritsi amene adokotala anapereka atayeza magazi. Matendawa ndi oopsa chifukwa munthu amamva bwinobwino pamene magazi akuthamanga kwambiri, mpaka tsiku limene adzangogwa n'kufa ziwalo. Bambo adye mavwende, achepetse mchere m'ndiwo, ndipo apitirize kukayezetsa.

Phindu lenileni la chivwende kwa anthu a kuchigwa kuno ndi madzi. Pa magalamu 100 alionse a mnofu wofiira uja, pafupifupi magalamu 92 ndi madzi, ndipo shuga ndi pafupifupi magalamu 6 okha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Nsanje kumafika kapena kupitirira madigiri 40, munthu wogwira ntchito kudimba kapena m'minda ya nzimbe amataya madzi ambiri kudzera m'thukuta, choncho chipatso chimene chimabwezeretsa madziwo pamodzi ndi vitamini C ndi vitamini A n'chofunika ndithu. Kufiira kwa mnofuwo kumachokera ku lycopene, yemwenso amapezeka mu tomato, ndipo amateteza maselo a thupi kuti asawonongeke msanga. Gawo loyera la pafupi ndi khungu, limene ambiri amaponyera mbuzi kapena nkhumba, lilinso ndi citrulline wambiri ndipo limadyeka.

Tsopano za njere, zimene ife tikuona kuti ndi pamene mabanja ambiri akutaya chakudya osadziwa. Apongozi anu tiwalemekeze, chifukwa mwana wosakwana zaka 3 akhoza kutsamwa ndi njere, ndipo n'koyenera kumuchotsera asanadye. Koma kwa mwana wokulirapo kapena munthu wamkulu, njere zochepa zimene zamezedwa pamodzi ndi mnofu zimangodutsa n'kutuluka ndi chimbudzi. Vuto lake n'lakuti zikatuluka zathunthu chotero thupi silipezapo kanthu, pakuti chakudya chonse chimakhala m'kati mwa khoko lolimba lija. Kanyama koyera ka m'katimo, kakauma, kali ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 28 pa magalamu 100 alionse, kutanthauza kuti pa zomanga thupi sikakuchepera mtedza, komanso pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta. Muli maginiziyamu wambiri, zinki ndi ayironi, yemwe amafunika kwambiri kwa amayi oyembekezera ndi ana amene magazi amawachepera kawirikawiri chifukwa cha malungo.

Kakonzedwe kake sikakusiyana ndi ka nthangala za maungu. Muzitsuke, muziyanike padzuwa mpaka ziume gwaa, muzikazinge pamoto wochepa, kenako muzisinje mu mtondo ndi kusefa kuti makoko atsale. Ufa umenewo mukhoza kutendera nawo chisoso, nkhwani kapena kholowa, ndiponso kuthira supuni imodzi kapena ziwiri m'phala la mapira kapena la mgaiwa la ana. Ku Nigeria ndi ku Ghana anthu amalima mtundu wina wa mavwende chifukwa cha njere zake zokha, ndipo amaphikira msuzi wotchuka wa egusi. N'zodabwitsa kuti kuno timazisiya pansi pamsika. Musinje zokwanira masiku ochepa okha, chifukwa ufa wa mafuta ambiri suchedwa kununkha m'nyengo yotentha, ndipo njere zilizonse zimene zachita nkhungu muzitaye.

Pali anthu amene ayenera kusamala. Odwala matenda a shuga akhoza kudya kagawo kochepa pa nthawi imodzi, makamaka atadya chakudya china, osati theka la chivwende m'mimba muli mbee. Odwala impso afunse kaye adokotala, chifukwa impso zofooka zimalephera kuchotsa potaziyamu. Mwana wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS ndi kupita naye kuchipatala, popeza madzi a chivwende alibe mchere wokwanira kubwezeretsa umene watayika.

Popeza inu mumalima ndipo mwina mumagulitsanso, kumbukirani kuti mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unakhudzanso maboma a Nsanje ndi Chikwawa. Chivwende chimakula chitagona pansi, choncho chitsukidwe ndi madzi otetezedwa musanachicheke, mpeni ukhale woyera, ndipo chimene chachekedwa chivundikiridwe kuopa ntchentche, ndipo chidyedwe pasanathe maola 2 ngati mulibe firiji.